Za Kugula Mfuti ya M'thumba

Ulaliki wa ku Chitala. Mau owerengedwa: Luka 22:35-53, Eksodo 22:2, 3, 1 Samueli 25.

Mau amene tirikulalikira lero anabadwa ndi funso limene linafika ku Bwalo la Akulu a Mpingo mwezi wathawu. Mmodzi wa ife, Mkristu wa mbiri yabwino, wogula mtedza ndi thonje m'midzi ino, anakomana ndi acifwamba madzulo pa njira yocokera ku Salima. Anamgwetsa pa njinga yace yamoto, namtema pa mkono ndi cikwanje, namlanda ndalama za malonda a mwezi wathunthu pamodzi ndi njingayo. Atacira anadza kwa akulu, nati wina wamlonjeza kumpezera mfuti yaing'ono yolowa m'thumba, ndipo afuna kudziwa ngati acimwa akaigula ndi kuyenda nayo. Iye mwini watilola kunena nkhani yace pano. Dzina lace lokha sitichula, ngakhale ambiri a inu mumdziwa.

Sitinafulumire kumyankha, pakuti funso iri siliri lopusa, ndipo iye amene sanaone cikwanje ciri pamwamba pa mutu wace asaseke mnzace amene anaciona. Mbale wathuyu ali ndi mkazi ndi ana, ali ndi ngongole ya ndalama zimene zinalandidwazo, ndipo nchito yace imyendetsa m'njira zomwezo kumene anakhetsa mwazi. Tidziwanso kuti sali yekha. Anyamata a kabaza, amai ogula nsomba ku Senga Bay, eni ng'ombe amene agona ndi khutu limodzi ku khola, onsewa afunsa funso lomweli m'mitima yao, ngakhale safika nalo kwa akulu. Cifukwa cace tayesa kuti nkoyenera kuyankha poyera, pamaso pa Mpingo wonse.

Tiyambe taciyang'ana cinthuco, pakuti ambiri a ife sitinaciona ndi maso. Amene anagwira nchito ku Joni amacicha volovolo. Ndi kamfuti kakang'ono, kosaposa cikhato ca munthu wamkuru. Pakati pace pali kacitsulo kobulungira, ka zibowo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, ndipo m'cibowo ciri conse mugona cipolopolo. Munthu akakoka ndi cala kacitsuloko katembenuka, nikabweretsa cipolopolo cina pakamwa pa mpope. Mpope wa mtundu umene analonjezedwa mbale wathu uli wa mainci 2 okha, ndiko kunena wosafika kutalika kwa cala. Anaufupikitsa dala kuti mfutiyo ibisike m'zobvala. Koma kufupikako kuli ndi mtengo wace: ngakhale asilikari ozolowera abvutika kulasa nayo cinthu ciri patali, ndipo munthu wosaphunzira, wonjenjemera, mumdima, angathe kuphonya munthu woima kutsidya kwa bwalo la nyumba yace. Cipolopolo cophonyaco sicigwa pansi cifukwa caphonya. Cipitirira, nicilowa m'mpanda wa udzu, kapena m'citseko ca mnansi.

Ndipo taonani cinanso. Makolo athu anali ndi mfuti zazitali za gogodera, zimene anathira onga kukamwa, nazisunga cifukwa ca njobvu yoononga m'munda, kapena mvuu, kapena mkango wolowa m'mudzi. Mfuti yotere iri ndi nchito zace zina. Koma volovolo ya m'thumba sanaipangire kusaka nyama. Wosula anaisulira cinthu cimodzi cokha, ndico cifuwa ca munthu woima pafupi. Tsono amene aiika m'thumba m'mawa wabvomera kale mumtima mwace, asanamwe ndi phala lomwe, kuti lero lomwe angathe kupha munthu. Sitinena kuti afuna kutero. Tinena kuti wabvomera.

Dziko lino la m'mbali mwa nyanja lidziwa mfuti koposa maiko ambiri. Agogo a agogo athu anaziona zirikufika ndi amalonda ocokera ku nyanja ya mcere, ndipo mtengo wace unali minyanga ndi anthu. Ku Nkhotakota, kumpoto kwathu kuno, a Jumbe anali ndi zombo zooloka nazo akapolo kunka kutsidya, kufikira m'zaka za 1890. Mfumu yoyamba kugula mfuti inati irikudzicinjiriza. Yoyandikana nayo, poona kuti mnzace ali nazo, inagulanso kuti idzicinjirize. Ndipo popeza inalibe minyanga yokwanira, inalipira ndi anthu a m'mudzi wacitatu. Tisaloze cala pfuko limodzi pa nkhani iyi, monga ena acita pofuna kunyoza anansi athu Ayao, pakuti ogulitsa anthu anali m'mapfuko ambiri, ndi Acewa omwe. Mu 1890 maufumu a ku Ulaya anapangana ku Brussels kucepetsa malonda a mfuti ndi onga m'maiko ano, koma pamenepo nkuti midzi yambiri ya m'cigwa cino itasanduka mabwinja, ndi anthu atathawira kumapiri ndi m'malinga. Pamene a Murray ndi a Vlok anakhazika mishoni ku Mvera mu 1889, m'dziko la Chiwere, anapeza anthu okhala ndi mantha otere. Aliyense wa ogula mfuti aja anali ndi cifukwa comveka, monga cifukwa ca mbale wathu ciri comveka.

Tsono tibwere ku Mau. Pali malo amodzi m'Uthenga Wabwino amene anthu ofuna zida akonda kuwachula, ndipo tawawerenga lero dala, kuti asanene wina kuti tawabisa. Usiku uja wa kuperekedwa kwace, atatha mgonero, Ambuye anakumbutsa ophunzira za ulendo umene anawatuma opanda thumba la ndalama ndi opanda nsapato, ndipo iwo anabvomera kuti sanasowe kanthu. Pamenepo anawauza kuti nyengo yasintha, ndi kuti wopanda lupanga agulitse cobvala cace nagule. Ophunzira anaturutsa malupanga awiri, ndipo Iye anawayankha ndi mau amodzi okha, akuti zakwana.

Kodi pamenepa Ambuye sanalamulire kugula cida? Tiwerenge mofatsa. Amuna anali khumi ndi mmodzi, malupanga awiri. Akadakhala kuti alikukonza nkhondo, awiri sakadakwana. Akadakhala kuti afuna munthu aliyense akhale ndi cida cace, akadatuma asanu ndi anai otsalawo kumsika. Luka mwini atiuza cifukwa cace m'ndime yomweyo, kuti kunayenera kukwaniridwa cimene Yesaya ananeneratu, cakuti Iye adzayesedwa mmodzi wa ocita zoipa. Akulu ambiri a Mpingo, kuyambira kale, amva mau awa ngati fanizo la masautso alinkudza, limene ophunzira sanalimvetse, monga sanamvetse pamene anawacenjeza za cotupitsa mkate iwo nayesa kuti anena za mkate weniweni. Koma tisakangane pa kumasulira. Tiyang'ane cimene cinacitika usiku womwewo, patapita maora owerengeka, pamene limodzi la malupanga awiriwo linasololedwa.

Ngati panakhala nthawi imene kudzicinjiriza kunali kolungama pa dziko lapansi, ndi m'munda muja. Wogwidwayo analibe cimo. Omgwirawo anadza usiku, ndi zibonga, motsogozedwa ndi wompereka. Petro anakantha, ndipo Yohane atiuza dzina la wokanthidwayo, ndiye Malko, kapolo wa mkulu wa ansembe. Onani bwino, abale. Petro sanalase Yudase, kapena Kayafa, kapena wina wa opangana ciwembuco. Analasa kapolo, munthu wotumidwa, amene mwina sanafune nkomwe kudzuka usiku umenewo. Ndipo sanalase pamene analinga, pakuti palibe munthu asolola lupanga kuti adule khutu. Umu ndimo cida cicitira m'dzanja la munthu wamantha mumdima. Ndipo cozizwa cotsiriza cimene Ambuye anacita asanapacikidwe cinali kukonza cimene wophunzira wace anaononga ndi cida. Mateyu aonjeza kuti anamuuza Petro abweze lupangalo m'malo mwace, namcenjeza kuti munthu wotama lupanga imfa yace ibwera ndi lupanga lomwelo. Kuyambira usiku umenewo, m'buku lonse la Macitidwe, atumwi anakwapulidwa, naponyedwa miyala, nayenda m'njira za acifwamba, ndipo sitiwerenga kuti mmodzi wa iwo anasololanso cida.

Komatu tisapitirire pamene Mau afika. Ena mwa cangu cao aphunzitsa kuti Mkristu ayenera kuima manja ali m'mbuyo pamene woipa alikupha mwana wace. Ife sitiphunzitsa comweco. Cilamulo ca Mose, m'Eksodo 22, cinena za mbala yopezedwa irikuboola nyumba usiku, kuti ikakanthidwa nifa, mwini nyumba alibe mlandu wa mwazi. Nehemiya anaika alonda okhala ndi zida pamene anamanga linga la Yerusalemu. Atate wocinjiriza ana ace ndi mtengo umene waupeza pakhomo sanacimwe. Koma werengani ndime yotsatayo m'Eksodo momwemo: dzuwa likaturuka, mwazi wa mbalayo uwerengedwa pa iye woipha. Usiku munthu sadziwa ngati wolowayo wadzera mbuzi kapena moyo. Usana aona, ndipo angathe kupfuula, angathe kuzindikira nkhope, angathe kunka kubwalo. Mulungu awerengera mwazi wa mbala yomwe. Mau awa atsutsa ife tonse amene tinamva kuti wakuba wagwidwa pamsika, natenthedwa ndi khamu la anthu dzuwa liri pamutu, ndipo tinati mumtima, acita bwino. Ena a anthu otenthawo akhala pa mipando ya m'nyumba za Mulungu tsiku la Sabata. Cilamulo ca dziko lino cigwirizana ndi ca Mose pa mau awa, pakuti cilola munthu kudzicinjiriza ndi mphamvu yolingana ndi coopsa cimene cam'gwera, koma wakupha munthu wothawa, kapena wogwidwa kale, ayankha mlandu wakupha.

Tsono tinamfunsa mbale wathu, mfuti imeneyi icokera kuti? Anakhala cete. Dziko lino liri ndi cilamulo ca mfuti ca caka ca 1967, ndipo mwa cilamulo cimeneco munthu sakhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda cilolezo ca Boma, copempha kupyolera kwa apolisi. Mfuti yolonjezedwa monong'ona, kuseri kwa sitolo, iribe cilolezo, ndipo woisunga ali wopalamula kuyambira tsiku loilandira, angakhale sanaombe ndi kamodzi komwe. Ndipo mfuti zotere ziri ndi mbiri yao. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 nitha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira kuno anthu ofika ngati 1,000,000, ndipo itatha inasiya mfuti zosawerengeka m'manja mwa anthu osauka, amene anazigulitsa motsika mtengo kuoloka malire. Mu December 1993, pamene asilikari analanda zida za a Payoniya, ena anathawa ndi zida zao. Zina zibwera lero m'katundu wocokera ku South Africa, zobedwa kwa eni ace. Tsono munthu amene akulonjezani mfuti mobisa aidziwa bwanji njira yace? Aidziwa cifukwa ayenda ndi anthu omwewo amene anatema mbale wathu. Ndalama zace zikadalowa m'thumba limodzi ndi ndalama zimene anamlanda. Ndiponso wogulitsayo adziwa tsopano nyumba imene muli mfuti, ndipo kwa acifwamba mfuti iri katundu wokoma koposa njinga yamoto.

Mbale wathu anati, nanga ndikapempha cilolezo monga mwa cilamulo? Pamenepo tinamyankha kuti Mpingo sungamuike pa mwambo cifukwa ca cinthu cimene Boma lalola ndi Mau sanaciletsa ndi dzina. Koma si zonse zololeka zipindula, ndipo tinampempha kuti tiwerengere pamodzi masiku a caka. Acifwamba anakomana naye tsiku limodzi. Mfuti idzagona m'nyumba mwace masiku 365. Masiku onsewo idzakhala pafupi ndi ana ace, amene adziwa malo onse obisika m'nyumba koposa mwini wace. Idzakhalapo tsiku limene adzakangana ndi mkazi wace, ndi tsiku limene mlamu wace adzadza ataledzera kudzatukwana za malire a munda, ndi tsiku limene malonda adzagwa, ngongole nimpanikiza, mtima nukhala wakuda kufikira kulakalaka imfa. Tiyankhule zoona: m'zaka zino tamva kawirikawiri za amuna odzipha cifukwa ca ngongole ndi mabvuto a m'banja. Wakumwa mankhwala nthawi zina athamangira naye kucipatala ku Salima napulumuka, nakhala zaka zambiri akuyamika Mulungu; wodziombera sapatsa abale ace nthawi imeneyo.

Ku America, kumene nyumba zambiri zisunga mfuti, sing'anga wina dzina lace Arthur Kellermann anasanthula pamodzi ndi anzace imfa za anthu ophedwa m'nyumba zao m'madera atatu, nalengeza mu 1993 kuti m'nyumba yosunga mfuti coopsa ca kuphedwa munthu cinacuruka pafupi katatu, ndi kuti wakuphayo kawirikawiri anali wa m'banja kapena wodziwika, si mlendo woboola zenera. Ndipo amene munali ku Joni mu 2013 mukumbukira za Oscar Pistorius, wothamanga wa mbiri pa dziko lonse, amene pa 14 February caka cimeneco anaombera kanai pa citseko cotseka m'nyumba mwace ku Pretoria, napha Reeva Steenkamp, mkazi amene anali naye pa cibwenzi. Iye anauza bwalo kuti anayesa mbala yalowa. Oweruza a bwalo lalikuru anampeza wolakwa pa mlandu wakupha mu 2015. Za mumtima mwace adziwa Mulungu. Koma tingakhale tilandira mau ace onse monga ananena, taonani cimene mantha ndi mfuti zicita zikakomana usiku. Pano pathu amene agogoda usiku ndani? Kawirikawiri ndi mnansi wodzapempha njinga kuti atengere wodwala kucipatala, kapena mwana wa mlongo wanu amene galimoto inamcedwetsa pa njira ya ku Nkhotakota.

Ndipo tsiku lija la acifwamba, ikadamthandiza kodi? Tinamfunsa, ndipo iye, pokhala munthu woona, anati anamgwetsa asanaone kanthu. Manja ace onse awiri anali pa njinga. Wacifwamba asankha yekha malo ndi nthawi, ndipo sadza yekha. Akadapeza mfuti m'thumba mwace akadaitenga, ndipo kapena sakadamsiya wamoyo. Sitikana kuti alipo anthu amene mfuti inawapulumutsa. Alipo ndithu, ndipo tikadanama tikadati palibe. Koma walira mvula walira matope, ndipo munthu wanzeru awerengera zonse ziwiri asanagule.

Cotsala ndico cacikuru, ndipo pa ici tikhalitsa pang'ono, pakuti ndi ca mzimu. Tawerenga za Davide ndi Nabala. Davide anali munthu wa pamtima pa Mulungu, amene kawiri konse anakana kupha Sauli ali m'dzanja lace. Koma tsiku lina anatuma anyamata kukapempha cakudya kwa mwini cuma amene abusa ace anawacinjiriza m'cipululu, ndipo mwini cumayo anawabweza ndi mau acipongwe. Palibe anakantha Davide, palibe anamlanda kanthu, anangonyozedwa. Ndipo mau oyamba kuturuka m'kamwa mwace anali akuti yense amange lupanga lace m'cuuno. Amuna 400 anatsika naye, atalumbira kuti pofika m'mawa sipadzatsala mwamuna mmodzi m'nyumba ya Nabala. Malupanga amenewo anawasungira Afilisti ndi kudzicinjiriza kwa Sauli. Koma popeza anali pafupi, mkwiyo unawapeza. Anapulumutsa Davide ndi mkazi, Abigayeli, amene anamcingamira ndi mikate ndi mau ofatsa, namkumbutsa kuti tsiku lina adzakhala mfumu, ndipo mwazi wokhetsedwa cabe udzamlemera mumtima masiku ace onse. Davide analemekeza Mulungu amene anamtumira mkaziyo. Koma onani, abale, kuti pakati pa cipongwe ndi kupha panali ulendo wa pansi, ndipo m'ulendo umenewo Abigayeli anapeza malo oimapo. Mfuti ya m'thumba icotsa ulendo umenewo. Pakati pa mkwiyo ndi maliro patsala kukoka kwa cala kokha, ndipo palibe Abigayeli wa liwiro lotere.

Ndani wa ife anganene kuti aposa Davide pa kudziletsa? Munthu wonyamula cida ayenda mosiyana. Njira imene kale anaipewa usiku, tsopano aipita. Mau amene kale anawameza, tsopano awabweza, pakuti dzanja lace likhudza citsulo m'thumba, nicimuuza kuti iye ndi mwamuna. Katekisma wathu wa Heidelberg, pomasulira lamulo lacisanu ndi cimodzi, aphunzitsa kuti Mulungu adana ndi muzu wa kupha, ndiwo njiru, udani, mkwiyo ndi kufuna kubwezera, ndi kuti munthu asadziike dala m'zoopsa. Tinamfunsa mbale wathu mwacikondi, pamene uganiza za mfutiyo usiku, uona ciani m'maso mwako? Uona ana ako ali bwino, kapena uona nkhope ya uja anakutema alikugwa pansi? Iye analira, ndipo sitinamfunsenso.

Ife a mishoni tiri ndi mbiri yathu pa nkhani iyi, ndipo sitiibisa. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero pamodzi ndi Livingstone. Anali munthu wofatsa ndi wacifundo, ndipo poona akapolo m'magoli mtima wace sunapirire. Anamasula ogwidwa, ndipo pofuna kucinjiriza anthu amene anathawira kwa iye anatenga mfuti, natsogolera nkhondo, midzi nitenthedwa. Colinga cace cinali cabwino koposa ca ife tonse. Koma anthu amene anadzera kuwalalikira anamdziwa tsopano ngati mfumu ina ya nkhondo. Anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pa mathiriro a Ruo, ndipo pasanapite zaka zitatu mishoni imeneyo inacoka nipita ku Zanzibar. Sitimweruza, tingoti ngakhale m'dzanja loyera cida cibala zimene mwini wace sanabzale.

Nanga tsono ticite ciani, tigone ndi kudikira cikwanje? Iai. Paulo, polembera Aroma, aphunzitsa kuti lupanga Mulungu analipereka kwa olamulira, kuti alange ocita zoipa. Ndipo Paulo yemweyo anagwiritsa nchito ciphunzitso cace. Pamene amuna oposa 40 analumbira kuti sadzadya kufikira atamupha, mwana wa mlongo wace anamva, ndipo Paulo sanatume mnyamatayo kukagula mpeni. Anamtuma kwa kapitao wamkuru, amene anatumiza Paulo usiku kunka ku Kaisareya ndi asilikari 470. Tidziwa cimene mulikunena m'mitima: Paulo anapatsidwa 470, ife tikaitana mmodzi afika mawa. Tamva dandaulo limeneli, ndipo sitilicepsa. Koma mankhwala ace ndiwo kuumirira kwa olamulira kuti agwire nchito imene Mulungu anawapatsa, kupyolera mwa mafumu athu ndi makomiti a citetezo ca m'midzi, ndi kupereka umboni kubwalo mosaopa. Acifwamba aja sanagwe kumwamba. Agona m'nyumba ya wina, adya nsima yophika wina, ndipo njinga ija inagulidwa ndi wina amene sanafunse cifukwa cace iri yochipa. Ngati wogulayo ali muno, adziwe kuti cikwanje cija anagwirako.

Pali nzeru zinanso zimene ana athu azidziwa koposa ife akulu. Lero munthu angathe kuika ndalama zace m'foni, pa Mpamba kapena Airtel Money, asananyamuke pamsika, nayenda wopanda kanthu m'thumba. Ogula mbeu angathe kupangana kuyenda atatu kapena anai, ndi kubwerera dzuwa lisanalowe, ngakhale phindu licepe pang'ono. Ndipo tibwezere mwambo wa makolo wakuti munthu akakuwa usiku mudzi wonse uturuka. Masiku ano timva mkuwo, nitikoka cofunda, niti za eni. Mbale wathu anagona panjira nthawi yaitali, ndipo atiuza kuti anamva njinga zirikupita. Munthu wotere akafuna mfuti, alikutiuza kuti sakhulupiriranso abale ace, ndipo mlandu umenewo uli pa ife. Mutu umodzi susenza denga.

Abale athu a ku Mozambique, amene anaona mfuti koposa ife, anationetsa njira mu 1995, pamene Bungwe la Mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata m'malo mwace, potsata masomphenya a Yesaya ndi Mika a zida zosulidwa kukhala zolimira. Mfutizo anazidula, ndipo amisiri anapanga nazo zinthu zina. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti unagulidwa ndi British Museum ku London mu 2002. Anthu amene anapereka mfuti zao anali ndi adani enieni, oposa athu, ndipo ena anazisunga zaka zambiri pansi pa nthaka asanalimbe mtima.

Tsono yankho la Bwalo kwa mbale wathu linali lotere. Mfuti yopanda cilolezo asaigule konse, ndipo Mkristu wopezeka nayo adzayankha kwa Mpingo ndi kwa Boma lomwe. Ya cilolezo sitimletsa ndi lamulo, koma timpempha monga atate apempha mwana kuti aileke. Iye wabvomera kuileka, ndipo sitimchula wamantha, pakuti adzayendanso njira yomwe ija wopanda kanthu m'thumba. Koma Bwalo linaona kuti sikuyenera kumlanda cimene anacikhulupirira ndi kumsiya manja ali zi. Cifukwa cace copereka ca Sabata la mawa, ca pano ndi ca m'miraga yonse, cidzapita kukacepetsa ngongole yace, ndipo aphunzitsi a m'midzi alengeze ici kwa anthu ao. Anyamata awiri a Mpingo adzipereka kuyenda naye masiku a msika kufikira malonda a thonje atatha.

Ndipo ngati alipo wina muno amene ali nayo kale, yokwiriridwa m'nkhokwe kapena yobisika kudenga, kaya anaigula yekha, kaya anaisiya malemu atate wace, asaitaye m'mtsinje kumene ana asamba, ndipo asaigulitse kwa wina. Adze kwa mmodzi wa akulu m'tseri. Sitingamlonjeze cimene Boma lidzanena, pakuti si ife oweruza; koma akulu awiri adzapita naye kwa apolisi ku Salima, nadzamcitira umboni kuti anadza yekha mwa kufuna kwace. Bwalo lidzakhala Lacitatu m'mawa, ndipo citseko cidzakhala cotseguka kufikira masana.

Tiwerame, tipempherere mbale wathu ndi a m'nyumba yace, ndi anthu aja anamtema.